Galimoto Yakale ya Dizilo pa Chitunda cha Christmas Pass

Munthu amene achokera ku Harare kunka ku Mutare ayenda makilomita oposa pang'ono 260, ndipo atatsala pang'ono kufika, msewu ukwera phiri mokhotakhota, nufika pampata pamene mzinda wonse uonekera m'munsi, utazingidwa ndi mapiri mbali zonse. Mpata umenewu ndiwo Christmas Pass. Unalandira dzinali kwa Azungu amene anamanga misasa m'tsinde mwake pa tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 1890.

Phiri limeneli linayamba kale kukanika makina. Mudzi wa Umtali, ndilo dzina limene Mutare inkadziwika nalo kufikira 1982, unali tsidya lina la phiri, pamalo amene tsopano atchedwa Old Mutare. Koma pamene njanji yochokera ku Beira inayandikira, omanga anaona kuti kuikweza pampatapo nkovuta kwambiri. Chotero m'malo mwakuti njanji ipite kumudzi, mudzi ndiwo unasamukira kunjanji m'zaka za 1896 ndi 1897, ndipo sitima yoyamba inalowa m'mudzi watsopanowo m'chaka cha 1898.

Tsono chitunda chimene chinabweza njanji chikali pomwepo, ndipo tsiku ndi tsiku chiyesa magalimoto. Amene aima pamwamba pake m'mawa aona malole olemera ochokera ku doko la Beira akukwawa ngati nkhono, ndi mapikapu akale osenza matimati, nthochi, matabwa ndi anthu. Pikapu ina ikwera bwinobwino, utsi wake osaoneka. Ina, ya mtundu womwewo ndi katundu wolingana, isiya mtambo wakuda wophimba msewu. Eni ake a magalimoto awiriwa anagula mafuta pa mtengo umodzi, koma mmodzi ayendera mafuta ake onse, pamene mnzakeyo amwaza gawo lina m'mlengalenga.

Nkhani imeneyi ikhudza anthu ambiri m'Zimbabwe, m'Zambia ndi m'Malawi momwe. Munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya Penhalonga, kapena m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley, kumene kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, akalandira ndalama zopumira ntchito kawirikawiri mtima wake uthamangira ku pikapu. Chimodzimodzinso mlimi wa fodya ku Kasungu kapena wa mtedza ku Chipata chaka chikamkomera. Yatsopano sangaikwanitse, chotero afuna yakale. Ndalama zotere zidza kamodzi pa moyo wa munthu, ndipo wogula akalakwitsa, galimoto ithera pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku ziikiramo mazira.

Magalimoto amene iye adzawapeza pamsika ndi odziwika. Pali Toyota Hilux ya injini zotchedwa 2L, 3L ndi 5L, za malita 2.4, 2.8 ndi 3.0. Pali Isuzu KB ya injini ya 4JA1, ya malita 2.5. Pali Nissan ya injini ya TD27, ndiponso Mazda B2500, imene inkalumikizidwa pa fakitale ya Willowvale ku Harare. Onsewa ali ndi pampu ya mafuta yoyendera zitsulo, yopanda kompyuta, ndipo nchifukwa chake anthu awakonda, pakuti makaniko wa m'tauni yaing'ono atha kuwakonza. Injini ya 4JA1 ithira mafuta mwachindunji pamutu pa pisitoni, pamene zinazo ziyamba kuwathira m'kachipinda ka pambali, ndipo kawirikawiri injini ya mtundu woyambawo imwa mafuta ochepa pang'ono, ngakhale phokoso lake lichuluka. Komabe kusiyana kwa mitundu nkochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa injini yosamalidwa ndi yosasamalidwa.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kudziwa kagwiridwe ka injini ya dizilo. Injini imeneyi, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba ku Augsburg m'dziko la Germany m'chaka cha 1897, ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Ikoka mpweya wokhawokha, niupanikiza kwambiri kufikira malo ake atachepa pafupifupi ka 20. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga adziwa kuti pampu itentha m'manja. M'injini mpweya wopanikizidwa utentha kupitirira madigiri 500, ndipo pa nthawi yomweyo pampu ikankha mafuta kudzera pa kamlomo kotchedwa nozo, kamene kawawaza ngati nkhungu, ndipo mafutawo ayaka okha. Kupanikiza kwakukulu kumeneku, pamodzi ndi mphamvu imene ichulukirapo mu lita ya dizilo kuposa mu lita ya petulo, ndiko kuchititsa kuti galimoto ya dizilo ipite patali ndi mafuta ochepa.

Pamenepa pali chinthu chimene eni magalimoto ambiri sachisamala: injini ya dizilo ikhalira mpweya. Mayi aliyense adziwa kuti akasonkhezera nkhuni zambiri pamafuwa popanda mpata woti mphepo ilowe, nyumba idzaza utsi ndipo mphika suwira msanga. M'injini zili chomwecho. Mafuta akachuluka kuposa mpweya, ena sapsa, ndipo atuluka ngati mwaye. Utsi wakuda wa pa Christmas Pass ndi mafuta amene mwini anawalipira koma sanamgwirire ntchito.

Ndipo m'maiko a kumtunda mpweya ngwopepuka. Mutare ili mamita pafupifupi 1,100 pamwamba pa nyanja yamchere, Harare pafupifupi 1,500, Lusaka pafupifupi 1,300, Lilongwe ndi Blantyre kupitirira pang'ono 1,000. Munthu akakwera, mpweya ucheperachepera, ndipo injini yopanda turbo itaya pafupifupi magawo 10 pa 100 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse. Turbo ndi chopukusa chimene chiyendetsedwa ndi utsi wotuluka nichikankhira mpweya wambiri m'injini, chotero injini yokhala nayo simva kwambiri kutalika kwa dziko. Koma mapikapu akale ambiri alibe. Pikapu imene inali yanyonga ku Beira kapena ku Durban ioneka yaulesi ikafika ku Mutare, ngakhale ilibe nthenda iliyonse. Pampu yake ikali kuthira mafuta a m'mphepete mwa nyanja, koma mpweya umene ukulowa ngwa kumapiri.

Apa ndi pamene pabadwira cholakwa chachikulu. Mwini adandaula kuti galimoto ilibe mphamvu, ndipo makaniko wofuna kumkondweretsa msanga apotokola kasikuluwu ka pa pampu kamene kalamula kuchuluka kwa mafuta. Galimoto ichoka pamenepo ikuoneka ngati yatsitsimuka, ndipo mwini athokoza. Koma mpweya sunawonjezeke. Mphamvu yopezekayo njochepa, utsi uchuluka, ndipo kutentha kwa m'kati kukwera kwambiri, makamaka pa chitunda chachitali. Mitu ya injini zoterezi sichedwa kung'aluka ikatenthedwa kawirikawiri, ndipo mtengo wa mutu watsopano uposa mafuta a miyezi yambiri. Ogulitsa ena osakhulupirika achitanso zomwezo, kuti injini yotopa imveke yamphamvu pa tsiku la malonda.

Chifukwa cha ichi wogula asatengeke ndi penti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apangane ndi wogulitsa kuti adzaone galimoto m'mamawa, ndipo akafika ayambe wagwira injini ndi dzanja. Akaipeza yofunda, adziwe kuti mwini analawirira kuilizitsa, ndipo afunse chifukwa chake. Injini yabwino ilira msanga mahita akangotentha, itulutsa kautsi pang'ono, kenaka iyera. Imene ichedwa kulira nitulutsa utsi woyera wonunkha mafuta kwa nthawi yaitali, mwina mahita ake afa, limene ndi vuto laling'ono, koma mwinanso yataya mphamvu yopanikiza mpweya, limene ndi vuto lalikulu. Utsi wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Injini ikulira, atsegule chotsekera pothirira oyilo: kampweya kochepa nkachibadwa, koma utsi ukamatuluka mwamphamvu ngati wa sitima, maring'i atha. Oyilo wa dizilo ada msanga, ndipo kuda kwakeko sikuopsa. Woopsa ndi oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, pakuti asonyeza kuti madzi akulowa mosayenera. Injini isanatenthe ayang'anenso m'redieta, ndipo akaona thovu likubwera mosalekeza, mutu kapena gasiketi yake yaonongeka.

Atatero agone pansi ayang'ane chasisi, makamaka kuseri kwa kanyumba ka woyendetsa ndi pamene masipuling'i agwira, popeza pikapu yosenzetsedwa mopitirira ithyoka pamenepo, ndipo zowotcherera zake zibisika ndi phula. Afunsenso za lamba wa injini. Injini za Toyota zija ndi ya Mazda B2500 zili ndi lamba wa mano amene asinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka pa ulendo mapisitoni amenya mavalavu. Ngati wogulitsa alibe umboni wa tsiku limene anamsintha, wogula awerengere mtengo wa lamba watsopano m'malondamo. Manambala a pa injini ndi pa chasisi afanane ndi olembedwa m'buku la galimoto, ndipo ndalama zisaperekedwe apolisi asanatsimikize kuti galimotoyo si yakuba.

Zonsezi zichitika galimoto itaima, koma mlandu weniweni uweruzidwa pa phiri. Wogulitsa akonda kuyesetsa galimoto yake m'misewu yosalala ya m'tauni, yopanda katundu, kumene ngakhale injini yakufa iyenda bwino. Wogula wanzeru aike matumba angapo a chimanga kapena a simenti kumbuyo, atenge mnzake womtsatira pa galimoto ina kuti aziona utsi, ndipo alunjike ku Christmas Pass. Wa ku Malawi ali ndi msewu wokwera ku Zomba Plateau, kapena chikweza chochokera ku Chikwawa kunka ku Blantyre. Wa ku Zambia ali ndi zitunda za msewu wa Great East Road, tsidya ili ndi tsidya lija la mlatho wa Luangwa. Pokwera ayang'anitsitse muvi wa kutentha, umene uyenera kuima pakati osasuntha. Ukayamba kukwera limodzi ndi msewu, redieta yatsekeka kapena mutu wang'aluka kale. Injini ikalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Kautsi kochepa posintha giya nkosadetsa nkhawa, koma utsi wakuda wosalekeza kuyambira m'tsinde mpaka pamwamba uulula manozo okutha, sefa yotsekeka kapena pampu yoseweretsedwa. Wogulitsa amene akana ulendo umenewu wayankha kale funso.

Galimoto ikagulidwa, ntchito yoyamba ndiyo kuyeza. Eni magalimoto ambiri anena kuti yawo imwa pang'ono, koma afunsidwe malita, alibe yankho. Njira yake njapafupi. Adzaze tanki mpaka pakamwa, alembe makilomita m'kabuku, ayende monga mwa masiku onse, kenaka adzazenso ndi kulemba malita amene alowa. Malitawo awachulukitse ka 100, ndi kugawa ndi makilomita amene wayenda. Achite chotero katatu kapena kanayi asanakhulupirire chiwerengerocho. Amene anazolowera miyeso yakale akumbukire kuti galoni imodzi ndi malita 4 ndi theka, ndipo mailosi imodzi ndi kilomita 1.6.

Mwachitsanzo, pikapu ina imwe malita 10 pa makilomita 100, ina imwe malita 13. Kusiyana kwa malita atatu kuoneka ngati nkosanunkha kanthu. Koma pa ulendo wochokera ku Mutare kunka ku Harare ndi kubwerako, wa makilomita pafupifupi 520, yoyamba itha malita 52, yachiwiri pafupifupi 68. Mwini wake akamayenda ulendowu kamodzi pa mlungu, pakutha pa chaka yachiwiriyo yamwa malita oposa 800 owonjezera, ndiyo migolo inayi ikuluikulu. Mafuta amenewa adzera kutali, pakuti palibe limodzi mwa maiko atatuwa limene liwapopa m'nthaka yake. Ochuluka a m'Zimbabwe afika pa doko la Beira, nayenda m'paipi mpaka ku Feruka, pafupi ndi Mutare pomwepo.

Kukonza kuyambire pa mpweya, popeza mpotsika mtengo. Sefa ya mpweya itseka msanga m'misewu ya fumbi ya m'chilimwe, ndipo sefa yotsekeka ipanga injini kukhala ngati munthu wothamanga atatseka mphuno. Isinthidwe, osati kumenyetsedwa pa mwala, pakuti pepala lake likaboka fumbi lilowa nilipala masilinda ngati mchenga. Kenaka manozo apite kwa mmisiri amene ali ndi makina oyesera. Nozo yakutha siwaza nkhungu, idontheza madontho, ndipo dontho lipsa kunja kokha, m'kati mwake mukhala mwaye. Mmisiri yemweyo abwezere pampu pa muyeso wake ndi kuona ngati ithira mafuta pa nthawi yoyenera. Ntchito imeneyi si ya pansi pa mtengo.

Pali chizolowezi china chofala: kuchotsa kachitseko ka madzi kotchedwa thermostat, poganiza kuti dziko lotentha silikafuna. Kunena zoona, injini ya dizilo inapangidwa kuti igwire ntchito madzi ake ali pa madigiri oposa 80. Yopanda kachitsekoka ikhala yozizira ulendo wonse wa m'mawa, makamaka m'miyezi ya June ndi July pa misewu ya ku Nyanga kapena ku Dedza, ndipo injini yozizira ipsereza mafuta moperewera niitha msanga. Ngati galimoto itentha, nthenda ili m'redieta, m'pampu ya madzi kapena m'chokupiza, ndipo kuchotsa thermostat kungobisa nthendayo.

Mafuta agulidwe pamalo odziwika. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina asakanizidwa ndi parafini kapena madzi. Pampu ya mapikapu amenewa idzozedwa ndi dizilo yemweyo amene ikupopa, ndipo parafini ngwouma, chotero zitsulo zake zipalana. Madzi osonkhana pansi pa sefa ya mafuta akhetsedwe kawirikawiri.

Zotsalazo nzazing'ono, koma zikaphatikizana zilemera. Matayala ofewa akoka galimoto m'mbuyo. Matayala aakulu a mano a m'matope akongoletsa, koma pa tala amwetsa mafuta, ndiponso anamiza chowerengera makilomita. Pikapu yokoka mawilo anayi ikhale ndi mahabu a kutsogolo omasula ikakhala pa msewu wabwino. Zitsulo zakale ndi migolo yopanda ntchito zitsike. Za liwiro, mphepo imene ilimbana ndi galimoto ikula mofulumira kuposa liwirolo: pa makilomita 110 pa ola ili pafupifupi kawiri kuposa pa makilomita 80, ndipo katundu wounjikidwa pamwamba aiwonjezera. Tizipangizo tamaginito ndi timapiritsi toponya m'tanki, timene ogulitsa alonjeza kuti tichepetsa mafuta ndi theka, tingochepetsa ndalama za m'thumba.

Pa chitunda woyendetsa wosaphunzira aopa kusintha giya, poganiza kuti injini ikalira kwambiri ndiye kuti ikumwa kwambiri. Chotero aumirira giya yachinayi, phazi lili pansi, injini ikubuula. Pa nthawi imeneyo pampu ithira mafuta onse amene ingathe, koma injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo chokupiza ndi pampu ya madzi nazonso zafooka pamene kutentha kwachuluka. Akatsikira ku giya yachitatu msanga, liwiro lisanafe, phazi lipepuka, utsi uyera, ndipo muvi wa kutentha ubwerera pamalo pake.

Koma chinyengo choopsa koposa chili potsika. Woyendetsa akafika pamwamba pa Christmas Pass naona Mutare m'munsi, mtima umuuza kuti phiri limbwezere mafuta amene linamdyera. Achotsa giya, kumene madalaivala ati kuika pa fili, ndipo ena afika pozimitsa injini. Munthu ameneyu sadziwa kuti pampu ya dizilo ili ndi gavanala. Galimoto ikatsika ili m'giya, phazi litachoka, mawilo ndiwo azunguza injini, ndipo gavanala adula mafuta pafupifupi onse. Ikakhala pa fili, injini iyenera kudzizunguza yokha, chotero imwa. Amene achotsa giya sapulumutsa kanthu, ndipo ngakhale amene azimitsa injini apulumutsa zosakwana kapu ya tiyi, pakuti injini yotere ikangolira chabe simaliza lita imodzi pa ola lathunthu, ndipo kutsikako nkwa mphindi zowerengeka.

Mtengo wa kapu imeneyo ndi uwu. Pa fili, kulemera konse kwa galimoto ndi katundu wake kugwera pa mabuleki okha. Mabuleki asandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo akapondedwa mosalekeza atentha kufikira osagwiranso. Mafuta a mabuleki akakalamba ayamwa madzi, ndipo madziwo akawira phazi lingolowa mpaka pansi popanda chogwira. Nchifukwa chake mafuta amenewa ayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Injini ikazimitsidwa zinthu ziipiratu, popeza m'galimoto ya dizilo chothandiza mabuleki chidalira kapampu koyendetsedwa ndi injini, ndipo akaponda kawiri kapena katatu thandizolo litha, chopondera chiuma ngati mwala. Chiwongolero chothandizidwa ndi pampu nacho chilemera, ndipo kiyi akapotokoledwa mopitirira, chikhoza kudzitseka galimoto ili pakona. Kumbuyo kwa pikapu yotere nthawi zambiri kwakhala amayi opita ndi malonda ku msika wa Sakubva, amene sanafunsidwe maganizo awo pa za kapu ya mafutayo.

Woyendetsa wodziwa ntchito asankha giya asanayambe kutsika, kawirikawiri yomweyo imene akadakwerera chitundacho ndi katundu yemweyo. Aponda mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi asanalowe pakona, nawasiya kuti azizire, m'malo mowakhudza pang'onopang'ono njira yonse. Akafika m'tsinde, pa ulendo woyamba wa galimoto imene wangoigula, aime pambali pa msewu, azungulire mawilo onse anayi ndi kuyandikiza dzanja osakhudza. Mawilo a kutsogolo akhala ofundirapo kuposa a kumbuyo, ndipo la kumanja lifanane ndi la kumanzere. Limodzi likatentha kuposa linzake nilinunkha chopserera, buleki yake ikugwira yokha, ndipo yakhala ikumwa mafuta mwakachetechete pa msewu wonse. Imeneyo ipite ku galaja tsiku lomwelo, katundu wina asanakwere.